Mock, SQLite kapena database yeniyeni: kusankha njira yofulumizitsira mayeso a pulogalamu ya pa intaneti

Pulogalamu ya pa intaneti ikamakula, mayeso ake amene poyamba ankatha m'masekondi ochepa amayamba kudya mphindi zambiri, ndipo olemba pulogalamuyo amasiya kuwayendetsa pa makompyuta awo n'kumangodikira kuti seva ya CI, imene imayendetsa mayeso yokha code ikatumizidwa, iwauze ngati zinthu zili bwino. Zikafika pamenepa mlandu umagwera database, ndipo malangizo amene amamveka msanga ndi akuti m'malo mwa ma model (ma class oimira matebulo a database) muikidwe ma mock (zinthu zongoyerekezera zimene zimayankha zomwe zauzidwiratu) kuti mayeso asamafike n'komwe ku database. Pa nkhani ya liwiro malangizowa ndi oona, koma mock ndi njira imodzi chabe mwa zisanu zimene tiziyerekeze pano, ndipo mwa zonsezo ndi imene imawalanda mayeso zinthu zambiri posinthanitsa ndi liwirolo. Zitsanzo zambiri zachokera ku Django, framework ya Python (chida chomangira mapulogalamu a pa intaneti), ngakhale kuti nkhani yake ndi yomweyo kwa ogwiritsa ntchito Rails, Laravel, Prisma, Hibernate kapena Entity Framework Core.

## Zoyenera kuyang'ana posankha

Zida zambiri zimene zitchulidwe ndi zaulere, choncho mtengo wa njira iliyonse makamaka ndi nthawi: imene mayeso amatenga poyenda, ndi imene munthu amatenga powalemba. Kupezeka kukutanthauza ngati njirayo imabwera kale ndi framework yanu kapena imafuna zina zowonjezera, monga Docker (chida choyendetsera mapulogalamu m'mabokosi apadera otchedwa ma container) pa kompyuta ya aliyense ndi pa seva ya CI. Kusamalira kumaoneka tsiku limene model yasintha, column yapatsidwa dzina lina kapena query (funso lotumizidwa ku database) yalembedwa mwanjira ina, pamene muyenera kuwerenga mafayilo a mayeso ofunika kutsegula n'kukonza. Chiopsezo chili pawiri. Mayeso akhoza kulephera code ili yolondola, zomwe zimangotayitsa nthawi, kapena akhoza kudutsa code ili yolakwika, ndiye kuti cholakwikacho chimakafika kwa ogwiritsa ntchito pulogalamu gulu lonse lili mtima m'malo. Chachiwirichi n'chimene chiyenera kulemera kwambiri posankha.

Musanasankhe chilichonse, yambani mwaona kumene nthawi ikuthera. Lamulo la `pytest --durations=20` limaonetsa ma test 20 ochedwa kwambiri, ndipo RSpec ili ndi `--profile` yogwira ntchito yofanana. Kawirikawiri chochedwetsa sichikhala ma query okha. Django imabisa mapasiwedi ndi PBKDF2, njira imene inapangidwa dala kuti izichedwa pofuna kuvutitsa akuba, moti test iliyonse yopanga wogwiritsa ntchito watsopano imalipira kuchedwako pachabe. Zolemba za Django zimalangiza kuika `MD5PasswordHasher` mu settings za mayeso okha. Zina zodya nthawi ndi ma migration (malamulo omanga ndi kusintha matebulo) oyendetsedwa kuchokera pachiyambi ulendo uliwonse, ma factory (zida zopangira deta ya mayeso) amene popanga chinthu chimodzi amapanganso zina zambiri zolumikizana nacho, ndi ma test amene amatumizadi uthenga ku maseva a kunja. Zimenezi zikakonzedwa, mwina funso la mock silikhalaponso.

Kuti kuyerekeza kukhale pa chinthu chooneka, tigwiritse ntchito ma function awiri a pulogalamu yosunga mabilu:

```
def mabilu_ochedwa(lero):
    return Bilu.objects.filter(yalipidwa=False, tsiku_lomaliza__lt=lero)

def chindapusa(bilu, lero):
    masiku = (lero - bilu.tsiku_lomaliza).days
    return bilu.ndalama * Decimal("0.01") * max(masiku, 0)
```

Yoyambayo ilibe nzeru yakeyake mu Python, chifukwa ntchito yonse yosankha mizere imachitika mu database. Yachiwiriyo imangowerengetsera, ndipo ilibe nazo ntchito kuti biluyo inachokera kuti. Njira imene ili yabwino kwa imodzi mwa ziwirizi kawirikawiri imakhala yoipa kwa inayo.

## Njira yoyamba: kuika mock m'malo mwa model

Pano test imachotsa `Bilu.objects` n'kuikapo chinthu chongoyerekezera chimene chauzidwiratu zoyankha, mwachitsanzo kuti `filter` ikaitanidwa ibweze mndandanda wa mabilu awiri.

Mtengo. Poyenda, palibe njira yoposa iyi, chifukwa palibe kulumikizana ndi seva, palibe kumanga matebulo, palibenso kufufuta zotsalira test ikatha. Polemba m'pamene pamawawa. Query ya mzere umodzi imafuna mock ya mizere yochepa, koma query yolumikiza `filter`, `exclude`, `select_related` ndi `order_by` imafuna kuti muike `return_value` pa mfundo iliyonse ya tchenicho motsatana bwino, ndipo si zachilendo kupeza test imene gawo lokonza mock ndi lalitali kuposa code imene ikuyesedwa.

Kupezeka. Zida zake zili paliponse. `unittest.mock` yakhala mbali ya Python kuyambira pa Python 3.3, olemba JavaScript ali ndi `jest.mock`, a Java ali ndi Mockito, ndipo RSpec ili ndi `instance_double`. Zolemba za Prisma zimaonetsa kagwiritsidwe ntchito ka jest-mock-extended poyerekezera Prisma Client. Kwa Django kulinso django-mock-queries, imene imayesetsa kutsanzira khalidwe la QuerySet (chimene `filter` ya Django imabweza) mu Python, koma kumbukirani kuti chimene chikusefa mizere pamenepo ndi code ya chidacho, osati database yanu.

Kusamalira. Test ya mock imadziwa mmene code inalembedwera, osati zimene code imachita. Wina akalemba `filter` kawiri motsatana m'malo mwa kamodzi, zotsatira za `mabilu_ochedwa` sizisintha, koma test imalephera chifukwa tcheni la ma mock ladukira pakati. Komanso `patch`, chida choikira mock, imafuna dzina la malo amene chinthucho chikugwiritsidwa ntchito, lolembedwa ngati mawu wamba, moti kungosamutsa function kupita ku fayilo ina kumaswa ma test amene sanakhudzidwe n'komwe ndi kusinthako. Zikachuluka zoterezi, anthu amayamba kuopa kukonza code yosalongosoka, pamene mayeso analembedwa kuti awachotsere mantha amenewo.

Chiopsezo. Apa m'pamene pagona nkhani. `MagicMock` imavomera chilichonse. Tiyerekeze kuti wolemba code waphonya n'kulemba `yalipiridwa=False` pamene column ndi `yalipidwa`. Django yeniyeni imaponya `FieldError` nthawi yomweyo, koma mock imalandira dzinalo n'kubweza mabilu awiri aja, test n'kudutsa. Tiyerekezenso kuti waika `__lte` m'malo mwa `__lt`, kotero kuti munthu amene tsiku lake lomaliza ndi lero akuwerengedwa ngati wochedwa. Mock ibwezabe mabilu awiri omwewo. Ena amayesa kutseka mpatawu ndi `assert_called_once_with`, koma kutero n'kungokopera mzere wa code n'kuuika mu test, ndipo ngati wolembayo anamva lamulo la bizinesi molakwika, alilemba molakwika malo onse awiri. Mock ili ngati mboni imene yaphunzitsidwa zokanena kukhoti: imayankha mosadodoma, koma siinaone chilichonse.

`create_autospec` imathandiza pang'ono, chifukwa imakana method imene kulibe, monga `filtr`, koma popeza `filter` imalandira mayina alionse a ma argument, dzina lolakwika la column limadutsabe. Ndiye pali zinthu zimene mock singazione ngakhale italembedwa mosamala chotani: lamulo la unique loletsa mizere yofanana, ma foreign key olumikiza matebulo, kufufutika kwa mizere yolumikizana, ma signal oyenda pa `save()`, ndi vuto la N+1, limene tsamba limatumiza query imodzi pa mzere uliwonse m'malo mwa imodzi ya mizere yonse. Pa database yeniyeni `assertNumQueries` imagwira vutoli mosavuta. Pa mock palibe chowerenga.

Pali malo amodzi amene mock imaposa njira zonse, ndipo ndi poyesa zolakwika zovuta kuzichititsa dala. Kuti muone ngati code yanu imayesanso kachiwiri kulumikizana ndi database kukaduka, kuika `side_effect=OperationalError` pa kuitana koyamba n'kosavuta ndiponso kodalirika kuposa kuzimitsa seva pakati pa test.

## Njira yachiwiri: ma object enieni osasungidwa

Njirayi anthu ambiri amaiiwala chifukwa chophweka. Model ndi class ya Python ngati ina iliyonse, ndipo mukhoza kulemba `Bilu(ndalama=Decimal("100"), tsiku_lomaliza=dzulo)` osaitana `save()`, n'kupereka chinthucho kwa `chindapusa`.

Mtengo. Liwiro lake ndi lofanana ndi la mock, ndipo kulemba kwake n'kwachidule kuposa njira ina iliyonse.

Kupezeka. Sipafunika kuika kanthu. Amene amagwiritsa ntchito ma factory ali ndi `build()` mu factory_boy, `make()` mu Laravel, ndi `build` kapena `build_stubbed` mu FactoryBot; yomalizayi imapatsa object id yongopeka n'kukana ngati wina ayesa kuisunga. Chothandiza china n'chakuti `SimpleTestCase` ya Django imaletsa query iliyonse, ndipo pytest-django imatseka database kwa test iliyonse yopanda chizindikiro cha `django_db`, moti test ikazemba n'kupita ku database mumadziwa nthawi yomweyo.

Kusamalira. N'kochepa, chifukwa class ndi yeniyeni. Column ikasintha dzina, kupanga object ndi dzina lakale kumaponya `TypeError`, ndipo ma property ndi ma method a model amayenda monga alili.

Chiopsezo. Malire ake ndi ofunika kuwadziwa. Njirayi singayese `mabilu_ochedwa` ngakhale pang'ono. Ubale wa many-to-many umakana kugwira ntchito pa object yopanda primary key, zinthu monga `auto_now_add` zimadzazidwa pa nthawi yosunga, ndipo `full_clean()` imapita ku database ikafuna kuona ngati column ya unique ili ndi mnzake wofanana. Palinso kamsampha kakang'ono: object yosasungidwa imasunga chimene mwaipatsa monga chilili, choncho mukalemba `ndalama="100"` imakhala ndi mawu osati nambala, pamene yochokera mu database ikanabwera ndi `Decimal`.

## Njira yachitatu: SQLite ya mu memory

Pano ma query amayendadi, koma pa database yaing'ono yokhala mu memory m'malo mwa PostgreSQL kapena MySQL imene pulogalamu imagwiritsa ntchito ikakhala pa seva.

Mtengo. Imachedwa kuposa njira ziwiri zoyambazo koma imafulumira kuposa database imene siinakonzedwe, chifukwa palibe disiki ndipo palibe seva yapadera yolankhula nayo. Ma test amalembedwa mwachizolowezi, popanda kukonza kwapadera.

Kupezeka. Python imabwera ndi `sqlite3`, ndipo Django ikaona kuti database ndi SQLite imayendetsa yokha mayeso mu memory. Mu Laravel mumangoika `DB_CONNECTION` kukhala `sqlite` ndi `DB_DATABASE` kukhala `:memory:` mu `phpunit.xml`. Kwa olemba Java malo amenewa amatenga ndi H2, imene `@DataJpaTest` ya Spring Boot imaigwiritsa ntchito ikaipeza. Entity Framework Core ili ndi InMemory provider, koma iyi si database ya matebulo olumikizana n'komwe, ndipo zolemba za Microsoft zimalangiza kuti isamagwiritsidwe ntchito poyesa mapulogalamu.

Kusamalira. Kumayamba mophweka n'kumavuta pang'onopang'ono. Tsiku limene mufuna `ArrayField`, kufufuza mawu kwa PostgreSQL, kapena `distinct("kasitomala")` imene imagwira pa PostgreSQL yokha, mumayamba kulemba code ya mbali ziwiri kapena kudumphitsa ma test ena. Migration iliyonse yokhala ndi SQL yolembedwa pamanja imafunanso kuyenda pa mitundu iwiri ya database. Choipa kwambiri n'chakuti gulu limayamba kupewa zinthu zabwino za database yake pongofuna kuti mayeso asasweke.

Chiopsezo. SQLite ndi yololera kuposa anzake, ndipo kulolera kumeneku n'kumene kumabisa zolakwika. Mukasunga mawu a zilembo 30 mu column ya `max_length=20`, SQLite imalandira chifukwa silabadira kutalika kwa `VARCHAR`, pamene PostgreSQL imakana; ndipo popeza `save()` ya Django siitana `full_clean()` yokha, cholakwikacho chimakaonekera pa seva. `contains` pa SQLite sisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono za ASCII, pamene pa PostgreSQL imasiyanitsa. `select_for_update()` imangonyalanyazidwa pa SQLite, moti code yoteteza kuti anthu awiri asalipire bilu imodzi nthawi imodzi imadutsa mayeso loko isanayesedwe. SQLite payokha imabweranso ma foreign key ali ozimitsa mpaka `PRAGMA foreign_keys` itayatsidwa. Django imayatsa yokha kuyambira pa 2.0, koma amene akugwiritsa ntchito SQLAlchemy ayenera kuyatsa okha. Ngakhale zili choncho, njirayi ikanagwira zolakwika ziwiri zija za `yalipiridwa` ndi `__lte`, zimene mock inazilola. Ndipo ngati pulogalamu yanu imayenda pa SQLite ngakhale pa seva, chiopsezo chonsechi palibe.

## Njira yachinayi: database yeniyeni, yokonzedwa kuti ifulumire

Anthu ambiri amene amati database ndi yochedwa amanena za database imene siinakonzedwe kuti igwire ntchito ya mayeso. Database ya pa seva imachedwa dala polemba, chifukwa imadikira kuti disiki itsimikize kuti deta yasungidwadi, kuti magetsi akazima pasatayike kanthu. Deta ya mayeso ndi yotaya, ndipo chitetezo chimenechi sichifunika.

Mtengo. Iyi ndi njira yochedwa kwambiri poyenda mwa zisanuzi, koma kusiyana kwake kumachepa kwambiri mukachita zinthu zingapo. Choyamba ndi ma transaction, magulu a zosintha zimene database imasunga zonse pamodzi kapena kuzitaya zonse: `TestCase` ya Django imakulunga test iliyonse mu transaction n'kuibweza m'mbuyo ikatha, zomwe zimafulumira kuposa `TransactionTestCase` imene imakhuthula matebulo onse test iliyonse ikatha. Rails imachita chimodzimodzi ndi `use_transactional_tests`, ndipo Laravel ili ndi `RefreshDatabase`. Chachiwiri ndi `setUpTestData`, imene inabwera mu Django 1.8 mu 2015, yopanga deta kamodzi pa class yonse m'malo mobwereza pa test iliyonse. Chachitatu ndi kusamanganso database ulendo uliwonse, pogwiritsa ntchito `--keepdb` kapena `--reuse-db` ya pytest-django. Kuyambira pa Django 3.1 mungathenso kuika `MIGRATE` kukhala `False` mu settings za mayeso kuti matebulo amangidwe kuchokera ku ma model mwachindunji. Chachinayi ndi kugawa mayeso pa ma core onse a kompyuta ndi `--parallel`, imene inabwera mu Django 1.9, kapena pytest-xdist, pamene gawo lililonse limapatsidwa database yakeyake. Rails inalandira zofananazo mu Rails 6. Chomaliza ndi PostgreSQL yeniyeniyo: kuzimitsa `fsync`, `synchronous_commit` ndi `full_page_writes`, kapena kuika deta yake pa tmpfs kuti ikhale mu memory. Zimenezi zisayerekezedwe n'komwe pa seva yosunga deta ya anthu, chifukwa magetsi akazima `fsync` ili yozimitsa database yonse ikhoza kuwonongeka.

Kupezeka. Pamafunika seva ya database pa kompyuta iliyonse yoyendetsa mayeso. Docker inaphweketsa zimenezi, ndipo GitHub Actions ndi GitLab CI zonse zimalola kuyatsa PostgreSQL kapena MySQL pambali pa mayeso ndi mizere yochepa. Testcontainers, imene inayambira ku Java n'kufalikira ku Python, Go, .NET ndi Node.js, imayatsa container kuchokera mkati mwa mayeso n'kuizimitsa akatha. Pa kompyuta ya memory yochepa, Docker ndi katundu wolemera ndithu, ndipo pamenepo kuika PostgreSQL mwachindunji n'kwanzeru. Ndi Testcontainers, yatsani container imodzi ya mayeso onse, osati imodzi pa test iliyonse, chifukwa kuyatsa kokhako kumadya masekondi.

Kusamalira. Ma test ake ndi amene amapirira kusintha kuposa onse, chifukwa amangofunsa zotsatira: ikani mabilu atatu, ina yolipidwa, ina yochedwa, ina ya lero, ndipo onani kuti yachiwiri yokha ndiyo yabwerera. Lembani query mmene mungafunire, test siisintha. Chofuna diso ndi mtundu wa database, umene uyenera kufanana ndi wa pa seva, ndi database yosungidwa ndi `--keepdb`, imene imasokonekera mukasamuka pakati pa ma branch okhala ndi ma migration osiyana ndipo imafuna kumangidwanso.

Chiopsezo. Pa nkhani ya ma query ndi chochepa kuposa njira zonse, koma transaction yokulunga ija ili ndi zake zobisa. Popeza siifika pa commit, pamene zosinthazo zimasungidwa kotheratu, code yoikidwa mu `transaction.on_commit()`, monga yotumiza imelo kapena ntchito ya Celery (chida choyendetsa ntchito kumbuyo), siyenda mkati mwa `TestCase` pokhapokha mutagwiritsa ntchito `captureOnCommitCallbacks`, imene inabwera mu Django 3.2. Thread ina kapena process ina siiona deta imene siinafike pa commit, choncho kuyesa maloko ndi kulimbirana mizere kumafunabe `TransactionTestCase` yochedwa ija. Ma sequence a PostgreSQL, amene amapereka manambala a id, sabwerera m'mbuyo transaction ikabwezedwa, moti test yoyembekezera kuti bilu yoyamba ikhala ndi id 1 imadutsa ikayenda yokha n'kulephera ikayenda ndi anzake. Mukazimitsa ma migration, dziwani kuti sakuyesedwanso, ndipo deta imene amaika mu matebulo siikhalapo. N'chifukwa chake ndi bwino kuwasiya oyatsa pa CI ngakhale atazimitsidwa pa makompyuta a olemba.

## Njira yachisanu: repository yokhala ndi fake

Njirayi imasintha kamangidwe ka pulogalamu. Ma query onse a mabilu amasonkhanitsidwa mu class imodzi, yotchedwa repository, yokhala ndi ma method a mayina omveka, monga `ochedwa(lero)` ndi `sunga(bilu)`, ndipo code yonse imalankhula ndi class imeneyi m'malo mwa ORM (gawo la framework losandutsa ma model kukhala ma query). Pa mayeso mumaikapo class ina, yotchedwa fake, ya ma method omwewo imene imasunga mabilu mu dictionary.

Mtengo. Poyenda ndi yofulumira ngati mock, ndipo ma test ake ndi osavuta kuwerenga. Mtengo wake uli poyambira, chifukwa pa pulogalamu yakale kusamutsa ma query onse ndi ntchito yaikulu imene siionekera kwa ogwiritsa ntchito pulogalamuyo.

Kupezeka. Palibe chida choika, koma framework ikhoza kuthandiza kapena kulimbana nanu. Mu Spring Data ma repository ndi ma interface kale, SQLAlchemy imalola kulekanitsa ma class ndi matebulo, ndipo zolemba za Entity Framework Core zimalozera njirayi kwa amene asankha kuyesa popanda database. Django, Rails ndi Eloquent ya Laravel zinamangidwa pa dongosolo la Active Record, limene model imadzisunga yokha, ndipo zinthu monga admin ya Django, `ModelForm` ndi `ModelSerializer` zimalankhula ndi ORM mwachindunji. Pamenepo repository imaphimba gawo chabe.

Kusamalira. Muli ndi ma class awiri ofunika kuyenda limodzi mpaka kalekale. Ubwino wake pa mock n'wakuti khalidwe loyerekezeralo lalembedwa malo amodzi, osati mu test iliyonse.

Chiopsezo. Fake ikhoza kusiyana ndi yeniyeni mwakachetechete, mwachitsanzo yeniyeni ikayamba kusiya mabilu ofufutidwa pamene fake ikuwabwezabe. Mankhwala ake ndi gulu limodzi la ma test loyendetsedwa pa ma class onse awiri, zomwe zikutanthauza kuti njirayi siichotsa database pa mayeso. Imangochepetsa chiwerengero cha ma test ofika kumeneko. Choyeneranso kupewa ndi repository yobweza QuerySet, chifukwa code yoilandira imayamba kuwonjezera `filter` yake ndipo mpanda wonse umagwa.

## Njira iti kwa ndani

Ngati pulogalamu yanu ndi ya Django, Rails kapena Laravel, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kulandira mafomu, kusunga ndi kuonetsa deta, gwirani njira yachinayi. Code yotereyi pafupifupi yonse ili ngati `mabilu_ochedwa`, ndipo kuika mock pa model n'kuchotsa chinthu chokhacho chimene chikanayesedwa. Yambani ndi hasher wa mapasiwedi, `--keepdb` ndi `--parallel`, kenako muyezenso nthawi musanapitirire.

Ngati muli kuwerengetsera kwambiri, monga chiwongoladzanja, msonkho, malipiro kapena malamulo a amene akuyenera kulandira chakuti, lekanitsani kuwerengetserako ndi ma query monga `chindapusa` alili, ndipo kuyeseni ndi njira yachiwiri. Apa m'pamene liwiro lalikulu limapezeka popanda kutaya kanthu, chifukwa malamulo oterewa ndi amene amafuna ma test ambirimbiri oyesa malire, ndipo palibe chifukwa choti iliyonse ilembe mzere mu tebulo. Njira yachiwiri ndi yachinayi zikaphatikizidwa zimakwanira magulu ambiri.

SQLite ya mu memory ndi yoyenera pamene pulogalamu imayenda pa SQLite ngakhale pa seva, kapena pamene mukulemba library yoti igwire pa ma database osiyanasiyana. Ndi yololekanso pa makompyuta a olemba amene sangathe kunyamula Docker, malinga ngati CI ikuyendetsa mayeso omwewo pa database yeniyeni code isanaphatikizidwe. Ngati mukugwiritsa ntchito kale zinthu za PostgreSQL yokha, isiyeni.

Repository ndi fake ndi za pulogalamu yatsopano ya malamulo ovuta, yoyembekezeka kukhala zaka zambiri, makamaka pa Spring, SQLAlchemy kapena Entity Framework Core. Kuikakamiza pa pulogalamu yaing'ono ya Django pongofuna kupulumutsa masekondi n'kulipira zambiri pa phindu lochepa.

Mock ya model ikhale ya nthawi zapadera: kulumikizana koduka, deadlock (ma transaction awiri kudikirana mosalekeza), kapena `IntegrityError` yobwera chifukwa anthu awiri asunga nthawi imodzi. Pa zinthu za kunja kwa database, monga seva yolipirira kapena yotumiza mauthenga, mock ndi chida choyenera ndithu, ndipo zimene zanenedwa pano sizikuikhudza.

Amene alandira pulogalamu yodzaza kale ndi ma mock a ma model asathamangire kufufuta zonse. Ayambe ndi ma query okhudza ndalama ndi okhudza amene ali ndi chilolezo choona deta ya wina, alembe test imodzi ya database yeniyeni pa iliyonse, ndipo pambuyo pake test ya mock iliyonse imene yasweka chifukwa chongokonza code ailembenso ndi njira yachiwiri kapena yachinayi m'malo moilumikizanso tcheni lake.